Parishi, Nthambi ndi Mphakati: M'mene Mpingo Umakhalira Pakati pa Sabata

Pulogalamu ya maphunziro ino ikufotokoza za moyo wa pa parishi mu Mpingo wa Katolika, potengera chitsanzo cha Mua m'dayosizi ya Dedza, parishi imene ili m'gulu la maparishi akale kwambiri m'dziko la Malawi. Mawu akuti parishi anafika m'Chichewa kudzera m'Chingerezi, koma gwero lake ndi Chigiriki, m'mene ankanena za anthu okhala moyandikana kapena ogonera pamalo ngati alendo. Malamulo a Mpingo amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1983 amafotokoza, pa ndime 515, kuti parishi ndi gulu lokhazikika la akhristu a m'dayosizi imodzi, limene episkopi waliika m'manja mwa wansembe mmodzi kuti aliwete, ndipo wansembe ameneyu ndi amene Amalawi amamutcha bambo mfumu. Tanthauzoli likuika anthu patsogolo, nyumba yopemphereramo n'kubwera pambuyo, ngakhale kuti m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku munthu akanena kuti akupita ku parishi amakhala akunena za malo amene pali tchalitchi chachikulu, nyumba ya ansembe ndi ofesi yosungiramo mabuku a ubatizo ndi a ukwati.

Mua ili m'munsi mwa mapiri a Dedza, kufupi ndi Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto kumene Achewa, Angoni ndi Ayao akhala limodzi kwa zaka zambiri. Ansembe a chipani cha White Fathers, chimene Kadinala Charles Lavigerie anayambitsa m'chaka cha 1868, anafika pamalopo m'chaka cha 1902, atalephera kukhazikika kwa Mponda ku Mangochi kumene anakhala kuchokera mu 1889 mpaka 1891, ndipo panthawiyo ansembe a chipani cha Montfort anali atatsegula kale Nzama ku Ntcheu mu 1901. Malo otere ankatchedwa mishoni, kutanthauza malo a anthu otumidwa kuchokera kwina, ndipo zonse zinkazungulira pa wansembe wachizungu: iye ndiye ankaphunzitsa, kumanga, kupereka mankhwala, kulemba aphunzitsi ntchito ndi kupeza ndalama kuchokera kwawo. Munthu wamkulu wofuna ubatizo ankakhala mkatekumeni, ndiko kuti wophunzira za chikhulupiriro amene sanabatizidwe, kwa zaka zinayi zathunthu monga momwe Lavigerie analamulira. Kusintha kwa dzina kuchoka pa mishoni kufika pa parishi kunabwera pang'onopang'ono, ndipo chizindikiro chake chachikulu m'derali chinali kusankhidwa kwa Cornelius Chitsulo m'chaka cha 1956 kuti atsogolere Dedza, kukhala episkopi woyamba wachimalawi. Okalamba ambiri mpaka lero amanenabe kuti "ku mishoni", ndipo m'mawu amenewa mwatsalira kaganizidwe kakuti mpingo uli ndi eni ake amene amakhala pamalo amodzi.

Vuto loyamba la parishi yakumudzi ndi mtunda. Parishi imodzi imatenga midzi yambirimbiri, ina ili kumapiri, ina kudambo kumene msewu umaduka mvula ikalimba, pamene ansembe okhala pa parishipo amakhala awiri kapena atatu. Pachifukwa ichi dera lonse limagawidwa m'nthambi, ndipo nthambi ndi tchalitchi chaching'ono chimene akhristu a midzi ingapo yoyandikana amasonkhanako Lamulungu lililonse, wansembe n'kumachiyendera mwa apo ndi apo malinga ndi ndandanda imene imalengezedwa pasadakhale. Masabata amene wansembe kulibe, amene ndi ochuluka kuposa amene alipo, mapemphero amatsogoleredwa ndi katekisiti kapena akuluampingo: amawerenga mawu a Mulungu a tsikulo, wina n'kuwatambasula, kwaya n'kuimba, chopereka n'kuyenda, koma popanda nsembe ya Misa chifukwa imeneyo ndi ya wansembe yekha. Katekisiti ndi mkhristu wamba amene anaphunzitsidwa kuphunzitsa ena chikhulupiriro, ndipo mbiri ya Mpingo m'Malawi sinam'patse ulemu wokwanira, pakuti njinga yake yafika m'midzi imene galimoto ya bambo mfumu imafikako kawiri kapena katatu pachaka.

Komabe nthambi nayo ndi yaikulu moti anthu ake sangadziwane bwinobwino, ndipo apa ndi pamene mphakati unabadwira. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unaphunzitsa kuti Mpingo ndi anthu a Mulungu onse obatizidwa, ansembe ndi akhristu eni ake pamodzi. Amene anatenga chiphunzitsochi n'kuchisandutsa dongosolo looneka ndi maso m'Malawi anali Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua komweko wobadwa m'chaka cha 1933, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kuyambira 1973 mpaka 1975 iye anachititsa msonkhano wa dayosizi yake umene unayambira m'midzi kupita kumwamba, akhristu wamba akukambirana m'Chichewa pa mutu wakuti Mpingo Ndife Tonse, ndipo mfundo yake yaikulu inali yakuti mpingo wa pamalo uyenera kudzitumikira, kudzifalitsa ndi kudzidalira wokha. Maepiskopi a m'maiko a kum'mawa kwa Africa, kudzera m'bungwe lawo la AMECEA, anakambirana za timagulu totere ku Nairobi mu 1973, anagwirizana mu 1976 kuti ndito tikhale maziko a utumiki m'madayosizi awo onse, ndipo anatsimikizanso mfundoyi atakumana ku Zomba mu 1979. M'chigawo chapakati kagulu kotere kamatchedwa mphakati, pamene kum'mwera ambiri amati limana.

Boma la chipani chimodzi la nthawi imeneyo silinakondwere ndi anthu osonkhana m'makomo, osankha okha atsogoleri awo ndi okambirana okha za mavuto a m'dera lawo, popeza linkaona ngati ndi nthambi za ndale zobisala m'mapemphero. Kalilombe anakakamizika kutuluka m'dziko ndipo anatula pansi udindo wake mu 1979. Mantha a bomalo, ngakhale anali olakwika pa cholinga cha miphakati, akusonyeza kuti olamulira anazindikira msanga mphamvu ya dongosololi kuposa akhristu ena amene analimo.

(Nyimbo ya kwaya)

Mphakati ndi mabanja achikatolika okhala moyandikana, ochepa moti angathe kukwana pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, ndipo kawirikawiri umatenga dzina la woyera mtima wina amene amakhala nkhoswe yake. Umakumana kamodzi pasabata kapena pa masabata awiri, mosinthanasinthana makomo, pofuna kuti nyumba ya wosauka ilandire alendo chimodzimodzi ndi ya wopeza bwino. Msonkhano umayamba ndi pemphero ndi nyimbo, kenako amawerenga Mthenga Wabwino, nthawi zambiri wa Lamulungu likudzalo, n'kukhala chete pang'ono, aliyense wofuna n'kunena chimene mawuwo amuuza pa moyo wake. Kugawana mawu kotereku, kumene kunafala ndi njira ya masitepe asanu ndi awiri yochokera ku Lumko ku South Africa, kumasiyana ndi ulaliki chifukwa palibe woima kutsogolo, ngakhale kuti m'miphakati yambiri mumapezeka munthu mmodzi wodziwa kulankhula amene amasandutsa mphasa kukhala gome lolalikirapo. Mawu akatha amalowa m'nkhani za pamudzi: ndani akudwala, ndani denga lamugwera, banja liti lili pa mkangano, ndi sabata iti imene mphakatiwo udzasesa tchalitchi, kuwerenga mawu ndi kupereka mphatso pa guwa. Wapampando, mlembi ndi msungichuma amasankhidwa ndi anzawo kwa zaka zowerengeka, ndipo kuchokera mwa iwo mumatuluka nthumwi zopita ku bungwe la nthambi, kenako ku bungwe la parishi limene limalangiza bambo mfumu.

Udindo wolemera kwambiri wa mphakati ndi wakuti wasanduka khomo lolowera ku masakramenti. Makolo ofuna kubatizitsa mwana, mnyamata ndi mtsikana ofuna kudalitsa ukwati, wachinyamata wokonzekera ulimbitso, kapena munthu amene anaimitsidwa kulandira Ukaristia ndipo akufuna kubwerera, onsewa m'maparishi ambiri amayamba aonekera ku mphakati wawo, umene umalemba kalata yowachitira umboni kwa bambo mfumu. Nzeru ya dongosololi ndi yoonekeratu, pakuti wansembe wosamalira anthu zikwizikwi sangadziwe kuti uje ali ndi mkazi wina kwawo kapena kuti ankhoswe a mbali ziwiri sanagwirizane, pamene oyandikana nawo nyumba amadziwa zonsezi osachita kufunsa. Alangizi, amene ndi amayi ndi abambo okhwima osankhidwa kuti alangize ana otha msinkhu ndi okonzekera banja, amachokeranso m'miphakati yomweyi, ndipo chilangizo chawo ndi njira imene Mpingo unatengera ntchito ya anamkungwi n'kuiveka chikhristu. Koma mphamvu yolemba kapena kukana kulemba kalata ndi mphamvu ndithu, ndipo ikagwera m'manja mwa mtsogoleri wosunga mangawa, mkangano wa malire a munda umatha kuchedwetsa ubatizo wa khanda losalakwa. Bambo mfumu wanzeru amawerenga kalata ya mphakati, koma amamvanso mbali ya munthu amene wabwera wopanda kalatayo.

Palibe nthawi imene parishi imaoneka bwino kuposa pa maliro. Uthenga ukamveka, mfumu ya mudzi imauzidwa monga mwa mwambo, adzukulu n'kukonzekera za kumanda, ndipo a mphakati amafika pa siwa dzuwa lisanalowe, amayi atasenza ufa, nkhuni ndi madzi, kwaya n'kuchezera usiku wonse ndi nyimbo ndi korona, amene ndi pemphero lobwerezabwereza lowerengedwa pa mikanda. M'mawa mwake katekisiti kapena mkulu wa mpingo amatsogolera mwambo ngati wansembe sanathe kufika, ndipo chipepeso cha mphakati chimalengezedwa pamodzi ndi cha mudzi. Pamenepa maudindo awiri, wa mfumu ndi wa mpingo, amakumana pa mtembo umodzi, ndipo mbiri ya Mua ikusonyeza kuti kukumanaku sikunali kwa mtendere nthawi zonse. M'zaka za m'ma 1920 panali kulimbana kwakukulu pakati pa amishoni ndi a gule wamkulu, ndipo gawo lina la mkanganowo linali pa funso lakuti mwini maliro ndani: abale ofuna kuti gule avine kuperekeza mzimu wa malemu, kapena akhristu ofuna kumuika ndi mtanda. Lero funsoli lasintha nkhope, chifukwa dandaulo limene limamveka m'maparishi ambiri ndi la banja limene lauzidwa kuti mpingo suimba maliro a m'bale wawo popeza sankaoneka ku mphakati kapena anali ndi ngongole ya mtulo, ndalama ya pachaka yothandizira Mpingo. Atsogoleri amati popanda lamulo lotere anthu angamakumbukire mpingo pa tsiku la bokosi lokha, ndipo mfundo yawo ili ndi mutu, koma chilangocho chimagwera amasiye amene sanalakwe kanthu.

Pa nkhani ya gule, Mua yomweyo inadzatenga njira ina m'chaka cha 1976 pamene wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. Osema ziboliboli a m'midzi yozungulira anayamba kusema mitanda ndi zithunzi za m'tchalitchi zokhala ndi nkhope zachiafirika, ndipo nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare inasonkhanitsa zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake, pa mishoni pomwe kale gule ankaonedwa ngati mdani wamkulu.

Kupatula miphakati, imene imasonkhanitsa anthu potengera kumene amakhala, parishi ili ndi mabungwe amene amasonkhanitsa anthu potengera msinkhu kapena mtundu wa mapemphero amene amawakonda. Bungwe la Amayi Achikatolika ndilo limaoneka kwambiri ndi yunifolomu yake pa zikondwerero, pa maliro ndi pa maulendo okaona odwala ku chipatala, ndipo pambali pake pali Lejiyo ya Maria, a Mtima Woyera wa Yesu, a Chifundo cha Mulungu, achinyamata, ana otumikira pa guwa ndi makwaya amene mpikisano wawo umadzaza tchalitchi kuposa msonkhano uliwonse. Amene wakhalapo pa mphakati pakati pa sabata amadziwa kuti ochuluka pa mphasa ndi amayi, abambo n'kukhala awiri kapena atatu, koma pofika pa mipando ya bungwe la parishi chiwerengerocho chimatembenuka. Abambo amapereka zifukwa za ganyu, za kumsika ndi za kunyanja, ngati kuti amayi amene afikawo alibe dimba kapena ana oti awaphikire. Kulimbikitsidwa kwa bungwe la Abambo Achikatolika m'zaka zaposachedwapa ndi kuvomereza kwa Mpingo kuti mpata umenewu ulipo.

(Nyimbo ya kwaya)

Chaka cha parishi yakumudzi chimayenda pa makalendala awiri ophatikizana, ya Mpingo ndi ya khasu. Adventi, nyengo ya masabata anayi yokonzekera Khirisimasi, imafika pamodzi ndi mvula yobzalira, Khirisimasi n'kupeza anthu ali pa kupalira. Lenti, nyengo ya masiku 40 ya kusala ndi kulapa imene imayamba Lachitatu la Phulusa, imagwa mu Febuluwale kapena Malichi pamene nkhokwe zambiri zili pululu, kotero kuti wolalikira za kusala kudya amayenera kusankha mawu mosamala polankhula kwa anthu amene akudya kamodzi patsiku mosafuna. Njira ya Mtanda ya Lachisanu lililonse imatsogolera ku Pasaka, amene amafika mondokwa ndi maungu zitayamba kupsa. Meyi ndi Okutobala ndi miyezi ya korona m'makomo, ndipo chilimwe chonse, misewu itauma ndiponso anthu atagulitsa mbewu, ndiyo nthawi ya maukwati, ya ulendo wa episkopi wodzapereka ulimbitso ndi ya kuumba njerwa za tchalitchi chatsopano.

Ntchito za parishi sizithera pa mapemphero. Pa Mua pali chipatala cha mishoni ndi sukulu ya ana osamva, ndipo m'maparishi ena nthambi ya zachitukuko ya CADECOM imadzera m'makomiti a parishi pogawa thandizo nthawi ya chilala kapena ya madzi osefukira, pamene nthambi ya chilungamo ndi mtendere ya CCJP imaphunzitsa za ufulu, za malo ndi za zisankho, ndipo thandizo lotere limafikira anthu a mipingo ina ndi Asilamu omwe. Kukula kwa ukonde umenewu kunaoneka pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya maepiskopi yodzudzula kusowa kwa chilungamo ndi ufulu wolankhula inawerengedwa m'matchalitchi achikatolika m'dziko lonse tsiku limodzi. Kalatayo inafika m'makutu a anthu akumudzi chifukwa panali kale njira yochokera kwa episkopi kupita kwa bambo mfumu, kwa katekisiti mpaka kwa wowerenga mawu wa pa nthambi, ndipo patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri.

Nkhani imene imautsa mapiri pachigwa pa parishi iliyonse ndi ya ndalama. Pa mfundo zitatu za nthawi ya Kalilombe, ya kudzidalira ndiyo yakula kuposa zinzake, makamaka chifukwa amishoni a ku Ulaya ndi ku Canada amene ankabweretsa thandizo lakwawo achepa, ndipo wansembe wachimalawi alibe abale olemera kunja oti awalembere kalata. Mkhristu wamkulu aliyense amayembekezeka kupereka mtulo, imene ndi ndalama ya pachaka yothandizira Mpingo ndipo imalembedwa pa khadi lake. Pali chopereka cha Lamulungu lililonse. Pali masika, pamene mabanja amabweretsa gawo la zokolola monga chimanga, mtedza, mpunga, nkhuku ngakhale mbuzi. Ndiyeno pali zopereka zapadera za seminale, za dayosizi, za ntchito ya Papa yofalitsa Mthenga Wabwino ndi za chitukuko cha pamalopo. Zonsezi zili ndi ntchito yake yeniyeni, pakuti mafuta a galimoto yopita ku nthambi, chakudya cha ansembe, kangachepe ka akatekisiti ndi malata a tchalitchi sizigwa kumwamba. Chovuta chimabwera pa kasonkhetsedwe: parishi imagawira nthambi mlingo woti ikwanitse, nthambi n'kugawira miphakati, mphakati n'kugawira mabanja, ndipo mayina a miphakati imene yalephera amawerengedwa pagulu pa zolengeza. Zikafika pamenepa, msonkhano umene unayambitsidwa kuti anthu agawane mawu a Mulungu umatha ndi kaundula wa angongole, ndipo mayi wamasiye amene alibe choponya m'mbale amayamba kujomba chifukwa cha manyazi, pamene iyeyo ndiye mphakati unayenera kumuyendera poyamba.

Malamulo a Mpingo a 1983 aja sanasiye nkhaniyi m'manja mwa munthu mmodzi. Ndime 537 imalamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi bungwe loona za chuma lokhala ndi akhristu eni ake othandiza bambo mfumu, ndipo ndime 1287 imati oyendetsa chuma cha Mpingo azipereka lipoti kwa akhristu pa zimene akhristuwo apereka, motsata dongosolo la dayosizi yawo. Maparishi amene amawerenga poyera ndalama zolowa pamodzi ndi zotuluka, kapena kumata pepala lake pakhomo la tchalitchi, savutika kwambiri posonkhetsa, chifukwa munthu amene waona kumene thumba lake la chimanga linapita sachita kukokedwa chaka chinacho. Kumene amalengeza zolowa zokha, manong'onong'o amayamba, ndipo amagwera ngakhale msungichuma wokhulupirika. Omvera amene ali m'miphakati ndi m'malimana akupemphedwa kuti pa msonkhano wawo wotsatira afunse, mwaulemu ndi pamaso pa onse, zinthu ziwiri: lipoti la chuma la nthambi yawo lidzawerengedwa liti, ndiponso ndani mwa anzawo amene wasiya kubwera kuyambira pamene mlingo wa chaka chino unalengezedwa.